Kalata yotseguka kwa akonzi a nkhani za sayansi: mawu amene mumaveka zojambula za m'mapanga

Kwa akonzi a magazini a sayansi, akuluakulu a maofesi ofalitsa nkhani m'mayunivesite, ndiponso oyang'anira nyumba zosungiramo zinthu zakale.

Olemekezeka,

Ndakhala ndikuwerenga kwa zaka zambiri zimene mumasindikiza zokhudza zojambula zakale za m'mapanga, ndipo ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa ambiri a ife sitidzapondako ku phanga la Chauvet ku France kapena ku chilumba cha Sulawesi ku Indonesia, moti chilichonse chimene tikudziwa cha makoma amenewo tinachimvera kwa inu. Dandaulo langa likuchokera pomwepo. Munthu amene akudalira maso a mnzake amayenera kuuzidwa momveka kuti ichi ndinachiona, ichi ndinachiyeza, ndipo ichi ndikungochiganizira, koma m'nkhani zanu zinthu zitatuzi zimafika zitavala malaya ofanana, kotero kuti wowerenga sazindikira pamene umboni wathera ndi pamene luso la wolemba layambira. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ndikuopa kuti pa nkhani ya mapanga takhala tikumva za m'maluwa kwa nthawi yaitali.

Msampha woyamba ndi dzina, ndipo amene wakodwamo savuta kumuzindikira koma amavuta kumuwonjola. Kumapiri a Brandberg ku Namibia kuli thanthwe lokhala ndi chithunzi cha munthu amene akuyenda atagwira uta kudzanja limodzi ndi kanthu konga chikho kudzanja linalo, ndipo mbali ya m'munsi ya thupi lake ndi yoyera. Mjeremani wina dzina lake Reinhard Maack anachiona m'chaka cha 1918 n'kuchikopera papepala. Patapita zaka, wansembe wa ku France, Henri Breuil, amene pa nthawiyo ankatengedwa ngati mkulu wa akatswiri onse a zojambula zakale, anakafika yekha pamalopo mu 1947, ndipo mu 1955 anatulutsa buku limene linakhazikitsa dzina lakuti White Lady, ndiye kuti dona wachizungu. Breuil anaona mtsikana wochokera kumaiko a kunyanja ya Mediterranean, wofanana ndi zithunzi zakale za ku Crete, ndipo maganizo amenewo anakoma m'makutu a anthu amene, m'zaka zija za tsankho, sankafuna kuvomereza kuti eni dziko akanatha kujambula chinthu chokongola chotero. Pambuyo pake Harald Pager, amene anakhala zaka zambiri m'mapiri omwewo akukopera zithunzi mzere ndi mzere, anasonyeza kuti munthuyo ndi mwamuna, ndipo chizindikiro cha umuna wake chimaoneka kwa aliyense woyang'anitsitsa. Lero akatswiri amavomereza kuti anajambula ndi anthu a m'dera lomwelo, ndiponso kuti kuyera kwa miyendo kuja ndi utoto wodzipaka m'thupi. Dona uja sanali dona, sanali mzungu, ndipo sanachokere kutsidya kwa nyanja, komabe pa mapu ndi m'timabuku ta alendo dzina lidakali lomwelo. Maganizo a Breuil anaikidwa m'manda kalekale, koma mawu awiri amene iye anafalitsa akuyendabe ndi miyendo yawo.

Ndatenga nthawi pa nkhaniyi chifukwa mayina ambiri amene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi a mtundu womwewo, kungoti sanachite manyazi poyera monga linachitira la ku Brandberg. Phanga la Lascaux ku France ndi la Altamira ku Spain onse awiri anapatsidwa dzina lakuti Sistine Chapel ya nthawi zamakedzana, powafanizira ndi tchalitchi cha ku Rome chimene denga lake Michelangelo anajambula pakati pa 1508 ndi 1512. Fanizoli limamveka ngati ulemu, koma limalowetsa m'mutu mwa wowerenga zinthu zitatu zimene palibe anazitsimikizira: kuti malowo anali opempherera, kuti panali mmisiri mmodzi wamkulu, ndiponso kuti zithunzizo zinapangidwa kuti khamu la anthu lizidzaimirira n'kumazisirira. Zigawo za mapanga mumazitcha malo opatulika kapena zipinda zachionetsero, ndipo tiziboliboli ta akazi mumatitcha Venus, potengera dzina limene Marquis de Vibraye anapatsa kachiboliboli kamene anakapeza ku Laugerie-Basse mu 1864, ngati kuti osemawo ankadziwa za mulungu wamkazi wa Aroma amene anadzatchuka patapita zaka zikwi zambiri. M'phanga la Trois-Frères muli chithunzi chotchedwa Wamatsenga, chimene pafupifupi buku lililonse limachionetsa kudzera mu kope la dzanja la Breuil, lokhala ndi nyanga zanthambi ndi maso ozungulira oyang'ana wowerenga. Akatswiri ena amati Breuil anawonjezera zimene khoma silisonyeza bwino, pamene Jean Clottes, amene anachiona kangapo ndi maso ake, amati kopelo n'lolondola. Ine sindikufuna kuweruza mlanduwo, koma ndikufunsa chifukwa chimene wowerenga amapatsidwira kope lokha, popanda chithunzi cha kamera pambali pake, komanso popanda kuuzidwa kuti pali mkangano.

Pali ngakhale mawu amene mumaika m'kamwa mwa munthu amene sangathenso kudziyankhira. Nkhani zambirimbiri za mapanga zimayamba kapena kutha ndi wojambula wotchuka Pablo Picasso, amene akuti atatuluka m'phanga ananena kuti anthu a masiku ano sitinatulukire kanthu katsopano. M'nkhani ina phangalo ndi Lascaux, m'nkhani ina ndi Altamira, ndipo mawuwo amasintha malinga ndi wolemba. Paul Bahn, katswiri wa zinthu zakale wa ku Britain, anafufuza gwero la nkhaniyi ndipo sanapeze umboni wakuti Picasso analankhula mawuwo. Mkonzi amene sangalole nambala yolakwika m'nkhani yake amalola mawu opanda mwini amenewa kudutsa, chifukwa choti amatseka bwino ndime.

Tsopano tiyeni titsikire limodzi m'dzenje la ku Lascaux, kuti tione kusiyana kwa chimene chili pakhoma ndi chimene chimalembedwa. Phangali linapezedwa ndi anyamata anayi pa 12 September 1940 pafupi ndi Montignac, ndipo zithunzi zake zili ndi zaka pafupifupi 17,000. Mkati mwake muli dzenje lakuya mamita angapo, ndipo pakhoma la pansi pake pali zinthu izi, zojambulidwa ndi utoto wakuda: njati ya ku Ulaya imene yaweramitsa mutu, pansi pa mimba yake pakulendewera mizere yopindika ndipo mzere wautali wadutsa pathupi pake, kutsogolo kwake kuli munthu wojambulidwa ndi timizere towerengeka, wopendekera chagada, wa zala zinayi kudzanja lililonse ndi mutu wonga wa mbalame, m'munsi mwake muli kambalame kali pamwamba pa mzere woongoka, ndipo kumanzere kuli chipembere chofulatira, chokhala ndi timadontho 6 pansi pa mchira. Zimene maso angaone zathera pamenepo. Koma tamvani zimene zalembedwa: ena anati ndi ngozi ya pa ulenje, mlenje waphedwa ndi njati imene anaibaya, ena anati ndi sing'anga amene wakomoka pamene mzimu wake ukuuluka ngati mbalame, ena anati ndi mapu a nyenyezi, ndipo mu 2018 ena anafika ponena kuti ndi chikumbutso cha tsoka la nyenyezi ya mchira. Taonani kuti ngakhale mawu ooneka osalakwa monga akuti "matumbo", "mkondo", "wagwa" ndi "ndodo" ali kale ndi chigamulo mkati mwake, chifukwa mizere yopindika ikangotchedwa matumbo, mzere wautali uja uyenera kukhala mkondo, ndipo munthu uja ayenera kukhala wakufa. Kuyeza kwa utoto kunasonyezanso kuti chipembere chinajambulidwa ndi utoto wosiyana ndi wa njati ndi munthu, kutanthauza kuti mwina sichili m'nkhani imodzi ndi zinazo, koma olemba ambiri amachipatsabe mbali m'sewero lawo, ena mpaka kunena kuti ndicho chinatumbula njati.

Kukoma kwa nkhani sikunayambe lero kugonjetsa umboni pa nkhaniyi. Mu 1903 Salomon Reinach anafalitsa maganizo akuti anthu akale ankajambula nyama kuti azigwire ndi matsenga asanapite kosaka, ndipo Breuil anawanyamula n'kuwafikitsa m'mabuku a sukulu, mmene akupezekabe mpaka lero. Koma mafupa amene anakumbidwa pansi ku Lascaux anasonyeza kuti anthu amene ankagwira ntchito m'phangamo ankadya kwambiri nyama ya kumaiko ozizira yotchedwa reindeer, pamene pamakoma pali akavalo mazanamazana ndipo reindeer yodziwika ndi imodzi yokha. Ku Chauvet kwadzaza mikango, zipembere ndi zimbalangondo, nyama zimene sizinali ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Katswiri wa ku France André Leroi-Gourhan atabwera anawerenga zithunzi ndi kuzisanja mosamala kwambiri, ntchito imene idakali yothandiza, koma anathera ponena kuti kavalo amaimira umuna ndipo njati imaimira ukazi, ndipo m'badwo wonse wa ophunzira unabwereza zimenezo ndi chidaliro chomwe chija chimene makolo awo anali nacho pa matsenga a ulenje.

Maganizo amene afala kwambiri m'zaka zaposachedwapa ndi akuti ojambulawo anali asing'anga amene ankajambula zimene aona ali m'masomphenya, ndipo pano ndiyenera kulankhula mwachilungamo, chifukwa maganizowa ali ndi muzu weniweni. David Lewis-Williams wa ku South Africa sanangowalota. Iye anawerenga mawu a anthu a mtundu wa San amene Wilhelm Bleek ndi Lucy Lloyd analemba ku Cape Town kuyambira m'ma 1870, ndiponso zimene mnyamata wotchedwa Qing anafotokozera Joseph Orpen mu 1873 m'mapiri a Maloti ku Lesotho ataimirira pamaso pa zithunzi zenizeni. Kumeneko kuli mboni, anthu amene ankadziwa miyambo ya ojambulawo ndipo analankhula ndi pakamwa pawo. Vuto linabwera pamene mfundoyi inakwezedwa ndege n'kukatsitsidwa ku France, makamaka kudzera m'buku limene Lewis-Williams analemba ndi Clottes mu 1996, kuti ifotokoze zithunzi za anthu ena, a kontinenti ina, amene anakhalako zaka zoposa 15,000 Qing asanabadwe. Eni bukulo anali ndi zifukwa zawo, zokhudza mmene ubongo wa munthu aliyense umaonera timadontho ndi timizere akakhala m'masomphenya, ndipo akatswiri anzawo anatsutsana nawo kwambiri. Koma pofika m'magazini anu ndi pa zikwangwani za m'nyumba zanu, mtsutso wonsewo unasungunuka, n'kutsala chiganizo chimodzi chonena kuti pano sing'anga ankalankhula ndi mizimu.

Chizolowezi china ndi chofotokoza mbiri ya zojambula ngati kukula kwa mwana, amene amayamba ndi kukwawa, kenaka n'kuimirira, mapeto ake n'kuthamanga. Mumakonda kulemba za "m'bandakucha wa luso" ndi "kubadwa kwa nzeru za munthu", ndipo mawu amenewa anavulazapo kale munthu. Marcelino Sanz de Sautuola ndi mwana wake wamkazi María ataona njati za padenga la Altamira mu 1879, akatswiri otchuka a ku France anakana kuti anthu a m'nthawi ya zida zamiyala angajambule bwino chotero, ndipo panamveka manong'onong'o akuti zithunzizo n'zachinyengo. Sautuola anamwalira mu 1888 dzina lake lisanayeretsedwe, ndipo Émile Cartailhac, mmodzi wa akatswiri amene anakana aja, anadzavomereza kulakwa kwake poyera mu 1902, mapanga ena monga Font-de-Gaume ndi Les Combarelles atapezeka. Phunziro linali loonekeratu, komabe mu 1965 Leroi-Gourhan anasanja zojambula za ku Ulaya m'masitepe anayi, kuyambira zosalongosoka kufikira zaukatswiri, ndipo makwererowo anaima mpaka mu December 1994, pamene Jean-Marie Chauvet, Éliette Brunel ndi Christian Hillaire analowa m'phanga lina ku Ardèche, ku France, limene lero limatchedwa Chauvet. Mikango ya m'menemo, yojambulidwa ndi makala n'kupakidwa mithunzi mwaluso lodabwitsa, inapezeka kuti ili ndi zaka pafupifupi 36,000, kuwirikiza kawiri zaka za Lascaux. Amene ankayenera kukhala akukwawa anapezeka akuthamanga kale.

Fanizo la m'bandakucha lili ndi vuto linanso, lakuti dzuwa lake linkatulukira ku Ulaya kokha. Wolfgang Wendt anakumba timiyala tojambulidwa nyama m'phanga lina ku Namibia, limene analitcha Apollo 11 chifukwa ankagwira ntchito mu 1969 pamene chombo cha dzinalo chinapita kumwezi, ndipo timiyalato tili ndi zaka pafupifupi 30,000. Ku Blombos, m'mphepete mwa nyanja ku South Africa, gulu la Christopher Henshilwood linapeza zidutswa za dothi lofiira lolimba zolembedwa mizere yopingasa zaka zoposa 70,000 zapitazo. Zithunzi za m'mapanga a Maros ku Sulawesi zinkadziwika kuyambira m'ma 1950, koma kwa zaka zambiri anthu ankangoganiza kuti sizingapitirire zaka 10,000, popanda wina kuziyeza. Chimene chinkaoneka ngati chiyambi cha luso la anthu onse chinali chiyambi cha kumene akatswiri anayambira kufufuza.

Izi zikundifikitsa pa mawu amene mumawakonda kuposa onse, akuti "chakale kwambiri padziko lonse". Mu 2012 ulemuwo unapita ku dontho lofiira la ku El Castillo ku Spain, la zaka 40,800. Mu 2014 dzanja la ku Sulawesi linayezedwa zaka 39,900, mu 2018 nyama ya ku Borneo zaka 40,000, mu 2019 chithunzi cha ulenje cha ku Sulawesi zaka 43,900, mu 2021 nguluwe ya ku Leang Tedongnge zaka 45,500, ndipo mu 2024 chithunzi cha ku Leang Karampuang zaka 51,200 (mapanga awiriwa ali ku Sulawesi komweko). Ntchito ya ofufuzawa ndi yaikulu ndipo sindikuinyoza, koma m'malipoti awo nambala iliyonse ili ndi liwu patsogolo pake, liwu lakuti "zosachepera", ndipo liwu limeneli ndi limene mumayamba kulidula mukamafupikitsa mutu wa nkhani. Chifukwa chake liwulo lilipo n'chosavuta kufotokozera munthu wamba. Utoto wofiira ulibe makala oti ayezedwe, choncho ofufuza amayeza kankhanambo ka laimu kamene madzi odontha anasiya pamwamba pa chithunzi. Madziwo amabwera ndi chitsulo chotchedwa uranium chitasungunuka koma sabwera ndi chinzake chotchedwa thorium, ndipo popeza uranium amasanduka thorium pa liwiro lodziwika, kuchuluka kwa ziwirizi kumasonyeza nthawi imene nkhanamboyo inauma. Nambala imene imatuluka ndi ya nkhanambo, ndipo chithunzi cha pansi pake chingakhale chachikulu kuposa pamenepo ndi zaka khumi kapena zaka zikwi khumi. Ndiponso ngati madzi anadzakokolola uranium wina pambuyo pake, nkhanamboyo imaoneka yokalamba kuposa msinkhu wake. Choncho zithunzi ziwiri zokhala ndi "zosachepera" sizingaikidwe pa mpikisano wa chachikulu ndani, ndipo chimene chikusintha chaka ndi chaka ndi mndandanda wa nkhanambo zimene zayezedwa.

Kufunika kwa chenjezo limeneli kunaonekera mu 2018, pamene magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wonena kuti zizindikiro za m'mapanga atatu a ku Spain, La Pasiega, Maltravieso ndi Ardales, zili ndi zaka zosachepera 64,800. Popeza anthu a mtundu wathu anafika ku Ulaya patapita zaka pafupifupi 20,000 kuchokera pamenepo, ofufuzawo anati ojambulawo anali a Neanderthal, mtundu wina wa anthu akale umene unatha, ndipo nyuzipepala padziko lonse zinalengeza kuti a Neanderthal anali amisiri a zojambula. Pasanapite nthawi yaitali, akatswiri oposa 40 anasaina nkhani mu Journal of Human Evolution yonena kuti umboniwo sunali wokwanira, ndipo chimodzi mwa zifukwa zawo chinali kukokoloka kwa uranium komwe kuja. Eni kafukufuku anayankha, ndipo nkhaniyo sinathe. Ine ndilibe mbali pa mkanganowu, ndipo sindingadabwe a Neanderthal atapezeka kuti ankapaka utoto pamakoma, koma chilengezo choyamba chinaimbidwa ng'oma pamene kutsutsa kwake kunanenedwa monong'ona, moti anthu ambiri amene anamva choyambacho sanamvepo chachiwiricho.

Zitsanzo zina ndingozidutsa mofulumira. Mu 2013 Dean Snow anayeza manja 32 a m'mapanga a ku France ndi ku Spain n'kupeza kuti 24 ankaoneka ngati a akazi, ndipo mitu ya nkhani inati ojambula oyamba anali akazi, ngakhale kuti manja 32 ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mazana amene alipo, ndiponso mwini dzanja lopemereredwa utoto sindiye kuti ndi amene anajambula kavalo wa pakhoma lina. Mu 2018 kamwala ka ku Blombos ka masentimita pafupifupi 4, kokhala ndi timizere 9 tofiira ta zaka 73,000, kanatchedwa hashtag (chizindikiro cha # cha pa intaneti) yoyamba padziko, nthabwala imene inapangitsa anthu kuseka m'malo mofunsa ngati timizereto tinali mbali ya chojambula chachikulu chimene chinasweka. Mu 2023 gulu la Lee Berger linalengeza kuti Homo naledi, cholengedwa cha ubongo waung'ono chimene mafupa ake ali ndi zaka pakati pa 236,000 ndi 335,000, chinazokota mizere pamakoma a phanga la Rising Star ku South Africa. Mizereyo inali isanayezedwe zaka, ndipo akatswiri amene magazini ya eLife inawapempha kuti aunike anati umboni sunali wokwanira, koma pamene ankalemba zimenezo nkhani inali itazungulira kale dziko ndipo kanema wake anali atakonzeka pa Netflix.

Ndikudziwa kuti simuchita izi chifukwa cha mtima woipa. Kukumba kumafuna ndalama, ndalama zimatsata dzina, ndipo dzina limabwera ndi mitu ya nkhani; wofufuza amene wakwawa m'matope kwa miyezi ali ndi ufulu wofuna kuti dziko limve, ndipo ofesi ya yunivesite imayamikiridwa malinga ndi kuchuluka kwa manyuzipepala amene atenga chilengezo chake. Koma pa nkhani ya mapanga mwambi wakale uja ukugwira ntchito ndendende, kuti mapanga awiri avumbwitsa. Amene akufuna kubisala m'phanga la sayansi ndi m'phanga la malonda nthawi imodzi amathera panja, pakuti tsiku limene wowerenga adzazindikire kuti "chakale kwambiri" chasintha kangapo m'zaka zochepa, adzayamba kukayikira ngakhale nambala zimene zinayezedwa bwino, ndipo amene adzapindule ndi anthu ogulitsa nthano za zolengedwa za kumwamba ndi mizinda yotayika, amene amalankhula ndi chidaliro chofanana ndi chanu popanda kukumba dzenje ngakhale limodzi.

Zimene ndikupempha si zovuta, ndipo zili m'manja mwanu. Liwu lakuti "zosachepera" likhale m'mutu wa nkhani momwemo, osati m'ndime yachisanu ndi chinayi, ndipo chimene chinayezedwa chitchulidwe, kaya ndi makala a chithunzi chenichenicho, kaya ndi nkhanambo ya pamwamba pake, kaya ndi fupa lotoledwa pansi. Wolemba afotokoze kaye mizere ndi mitundu monga ilili asanaipatse tanthauzo, ndipo tanthauzolo likhale ndi mwini wake wotchulidwa dzina, kuti tidziwe kuti ndi maganizo a uje osati chigamulo cha sayansi yonse. Kope lojambulidwa ndi dzanja lisamayende lokha popanda chithunzi cha kamera. Dzina lakale losocheretsa, ngati simungathe kulichotsa, muzinena amene analipereka ndi chaka chake. Ndipo mfundo imene munailengeza patsamba loyamba ikatsutsidwa ndi akatswiri odalirika, kutsutsako kupatsidwe malo ooneka, osati kangodya kamene palibe amakafika.

Mwina mukuopa kuti nkhani yovulidwa zokometsera idzakhala yozizira, koma ine zimene zimandikhalitsa maso usiku si za asing'anga kapena matchalitchi. Pansi pa dzenje lija la ku Lascaux panapezeka nyale ya mwala wofiira, yosemedwa ngati chipande n'kusalazidwa bwino, yokhala ndi zizindikiro pa chogwirira chake, ndipo m'kati mwake munali zotsalira zakupsa za mtengo wa juniper umene unali chingwe cha nyaleyo. Munthu wina anaithira mafuta a nyama, anaiyatsa, anatsika nayo mumdima n'kuisiya pomwepo. M'phanga lomwelo munapezeka kachidutswa ka chingwe chopota. Ku phanga la Rouffignac ku France kuli mizere yokokedwa ndi zala padothi lofewa la padenga, ndipo kuyeza kukula kwa zalazo kunasonyeza kuti ina inakokedwa ndi ana aang'ono, pamalo okwera moti wamkulu anayenera kuwanyamula. Ku phanga la Pech Merle, ku France komweko, kuli zithunzi za akavalo awiri amathothomathotho amene kwa zaka zambiri ankanenedwa kuti ndi a m'maloto kapena a m'chipembedzo, mpaka mu 2011 pamene kuyeza DNA ya mafupa a akavalo 31 akale kunasonyeza kuti 6 mwa iwo anali ndi chibadwa cha mawanga otere. Wojambulayo ayenera kuti anaonadi kavalo wamawanga kutchire, komabe anapitiriza kuika madontho ena kunja kwa thupi la kavaloyo, pathanthwe lopanda kanthu, ndipo madontho akunjawo DNA siingawafotokoze. Mukadzalembanso za Pech Merle, chonde mutiuze zonse ziwiri, madontho a m'kati ndi a kunja, ndipo mutisonyeze chithunzi chachikulu bwino kuti tiwawerenge tokha.

Ndine wanu mwaulemu,

Mmodzi wa owerenga anu